Matayala Ofika M'chiuno

Amuna anga anayeza chilichonse. Anayeza kutalika kwa tayala, anayeza mpata wa pakati pa tayala ndi madigadi, malata ophimba matayala aja, anayeza ngakhale khomo la galaja kunyumba kuti galimoto ikakwera isadzagunde pamwamba. Tepi yoyezera inkagona m'thumba la buluku lawo, moti ndinkachita kuichotsa ndine pochapa. Chinthu chimodzi chokha sanachiyeze, ndipo chinthucho ndi ine. Mpaka lero ndikakumbuka ndimapsa mtima.

Ife masewero athu ndi okwera miyala ndi galimoto. Loweruka anzathu akamapita kumpira, ife timatulutsa galimoto yathu yakale yokoka ndi mawilo onse anayi, n'kukakumana ndi anzathu a kukalabu m'munsi mwa phiri, kumene msewu umathera. Kumeneko liwiro lilibe ntchito. Galimoto imakwawa pamiyala pang'onopang'ono, tayala lina lili m'mwamba, lina lili m'dzenje, ndipo woyendetsa saona chimene matayala ake akuponda. Amangoona boneti ndi mitambo. N'chifukwa chake pamakhala munthu wina amene amatsika, n'kuima kutsogolo, n'kumalondolera ndi manja. Chala chikaloza uku, khotera uku. Chikhatho chikakodola, bwera pang'ono. Chibakera chikakwera m'mwamba, ima pomwepo usapume n'komwe.

Malamulo ake ndi awiri basi, ndipo aliyense wa kukalabu amawadziwa. Wolondolera amakhala mmodzi, ena onse atseke pakamwa. Ndipo woyendetsa akangosiya kumuona wolondolera wake, aponde buleki.

Ine ndakhala ndikulondolera amuna anga kuyambira tili pachibwenzi. Kukalabu dzina langa lenileni analiiwala kalekale, amangonditcha aMaso. Ndine wamfupi, zimenezo sindikana. M'khitchini ndili ndi kampando kopondapo pofuna kutsitsa mbale za pamwamba. Koma paphiri ndinali ndi malo anga, patsogolo pa nyali ya mbali ya dalaivala, pafupi ndithu kuti ndione pansi pa matayala onse awiri akutsogolo. Ndikaima pamenepo amuna anga ankandiona kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba. Kunyumba tinkakangana ngati banja lina lililonse, koma pamalo amenewo sitinakanganepo. Ndikakweza chibakera, ankaima.

Zinthu zinasokonekera mlamu wanga atasamukira pafupi nafe. Ndi mng'ono wa amuna anga, ndipo anthu amamutcha Mkuzamawu, chifukwa akanong'ona agalu a kwa aneba amayamba kuuwa. Paphiri anali atapitako kangapo ngati wokwera nawo, koma pafoni pake panadzaza makanema a magalimoto okhala ndi matayala onga a thirakitala. Tsiku lililonse ankafika pakhonde pathu n'kumutsira mchimwene wake foniyo kumaso.

"Achimwene, taonani izi! Galimoto yanu ija ikuoneka ngati yavala masilipasi a mwana."

Matayala athu analidi atatha mano, kugula ena kunali koyenera. Ndiye tsiku lina m'mawa tinapita kushopu ya matayala tonse atatu. Ine ndinkaganiza kuti ndikupita kukasankha nawo. Sindinadziwe kuti anditengera kukagwira chikwama.

Mwini shopu anali bambo wodekha, wamagalasi. Anatigubuduzira matayala a mitundu itatu n'kuwaimika pasimenti. Loyamba linali lofanana ndi athu akale. Lachiwiri linali lokulirapo pang'ono, la mano akuya otsikira mpaka m'mbali. Lachitatu anachita kuligubuduza ndi manja awiri, ndipo litaima linandifika m'chiuno.

Ndinagwada pa lachiwiri lija n'kulitsina m'mbali. Pamiyala tayala limafera m'mbali, mwala wakuthwa ukaling'amba. Linali lochindikala bwino, komanso mphira wake unali wofewa, woti ukauphwetsa pang'ono ukumbatira mwala.

"Ili ndi labwino," ndinatero. "Likwana popanda kudula chilichonse."

Mkuzamawu anaseka mpaka wokonza mawilo kuseri anasuzumira. "Alamu, kuno sitikugula nsapato za kutchalitchi! Tasiyirani amuna zimenezi."

Mlamu ndi munthu woseka naye, ndipo tsiku lina ndikanamubwezera mawu oti akagone nawo. Koma ndinayang'ana amuna anga kuti ayankhe ndi iwo. Iwo anali atagwada kale pa chitayala chachikulu chija, tepi ili m'manja, akumwetulira ngati mwana amene wapatsidwa njinga.

Mwini shopu anayesa ndithu kunena zoona. "Limeneli kuti likwane, galimoto iyenera kukwezedwa, madigadi adulidwe, ndipo lapadera lakumbuyo mugulenso lofanana nalo. Mafuta izimwa kwambiri. Komanso mpando wanu ukwera, zinthu zapafupi muziziona mochedwa."

"Mwamva?" ndinatero. "Zapafupi muziziona mochedwa. Chapafupi chimenecho ndine."

"Iwe usadandaule," amuna anga anayankha osadzutsa mutu. "Ndi matayala amenewa sitidzagwiranso mimba pamwala. Tizingodutsa."

"Ndikufunsa za ine, inu mukundiyankha za mimba ya galimoto?"

"Mayi, tili pagulu."

Mawu amenewo ndimadana nawo. Munthu akakuuza kuti tili pagulu ndiye kuti nkhani waitseka, ndipo kunyumba sadzaitsegulanso. Ndinatuluka n'kukaima panja padzuwa, ndikumva Mkuzamawu akuuza mwini shopu kuti akweze asanu.

Galimoto inakhala kwa makaniko sabata yonse. Tsiku lokaitenga ndinapeza zidutswa za madigadi zitatayidwa pakona, pamodzi ndi zitini za oyilo. Madigadi amenewo tinawapenta tokha ine ndi amuna anga, chaka chimene tinagula galimotoyo, ndipo utoto wake unandikhala m'zikhadabo mwezi wathunthu. Tsopano anali atawadula ndi makina, ndipo matayala anatulukira kunja kwa galimoto mbali zonse, mano ali poyera.

Amuna anga anakwera mochita kudzikoka ndi chitseko. Ine ndinapita kutsogolo n'kuima pamalo anga a masiku onse. Patsogolo panga panali chitsulo chokhachokha. Galasi lakutsogolo ndinkangoliona nsonga.

"Mukundiona?" ndinakuwa.

"Ndikuona chipewa chako!"

"Manja anga mukuwaona?"

"Ukawakweza ndiziwaona. Kapena uziima chapatali."

"Ndikaima patali ndiona bwanji pansi pa matayala? Ndipo apa ndi pasimenti. Nanga mphuno ya galimoto ikaloza kumwamba?"

Mkuzamawu, amene anabwera nafe, ndiye anayankha. "Tiwamangirira mbendera kumutu alamuwa! Kapena azinyamula kampando kawo ka m'khitchini kaja!"

Makaniko anaseka, amuna anga anasekanso. Kuseka kwa mlamu sikunandipweteke kwenikweni, chifukwa iye ndi mmene analengedwera. Koma munthu amene ndamutsitsa pamiyala zaka zonsezi wamoyo, osathyoka ngakhale chala, kuseka nawo! Pobwerera kunyumba sindinayankhule. Iwo sanazindikire n'komwe, chifukwa matayala atsopanowo ankalira pamsewu watala moti munthu sukanamva mnzako.

Loweruka tinafika m'munsi mwa phiri dzuwa litangokwera. Anzathu onse anasiya magalimoto awo n'kuzungulira yathu. Ena ankamenya matayala ndi nsapato, ena ankajambula. Amuna anga anaima chotsamira chitseko, manja m'thumba, ndipo Mkuzamawu ankafotokoza ngati anawaumba yekha.

Tisanayambe kukwera, aliyense amaphwetsa matayala ake pang'ono. Tayala lolimba limadumpha pamwala ngati mpira, pamene lofewa limaphwatalala n'kugwira. Kwathu ntchito imeneyo ndi yanga. Ndili ndi msomali wanga umene ndimasunga m'thumba la jekete, ndimaukanikiza pa valuvu n'kumamvetsera mpweya ukutuluka, kenako ndimaponda tayala ndi phazi kuti ndimve ngati lafika. Ndinagwada pa tayala lakutsogolo.

"Alamu, alamu, musatero!" Mkuzamawu anathamangira. "Mukufuna aoneke ngati mabanzi ogona? Anthu akujambula!"

Ndinayang'ana amuna anga.

"Taleka kaye," iwo anatero. "Matayala aakulu chonchi safuna zimenezo. Tikaona kuti akuvuta tiphwetsa kutsogolo."

"Munawapopa ngati mukupita ulendo wa pamsewu. Alimba ngati chitsulo."

"Ndati taleka kaye."

Ndinabweza msomali m'thumba. Ndikanatha kukana kukwera, koma ndinadziwa kuti ndikatsala ine wolondolera akhala Mkuzamawu, ndipo zimenezo zikanathera kuchipatala.

Chigawo choyamba cha njira n'chosavuta, ndi miyala ing'onoing'ono ndi mizu ya mitengo. Galimoto inkangogwedezeka, mano n'kumagundana m'kamwa, koma inkadutsa. Amuna anga ankaimba mluzu. Kenako tinafika pamalo amene timawatcha Pakhomo. Pamenepo njira imapanikizika pakati pa thanthwe lalitali ndi chigwembe chakuya, ndipo pakati penipeni pali mwala waukulu wonga sitepe umene galimoto iyenera kukwera. Ukaphonya pang'ono, matayala akumbuyo amatsetserekera kuchigwembe. Tadutsapo kambirimbiri, ndipo nthawi zonse anali ine ndi iwo, anthu ena onse ali chete.

Ndinatsika mochita kudumpha, ndinakwera pamwamba pa sitepeyo n'kuima pamalo anga. ATcheya a kalabu, bambo wachikulire wosakonda zoyankhula, anakweza dzanja kuti anthu akhale chete. Ndinakodola. Galimoto inayamba kubwera. Tayala lakutsogolo linagunda mwala n'kuyamba kukwera, mphuno inadzuka, ndipo nkhope ya amuna anga inalowa kuseri kwa boneti. Ine sindinkawaona, iwo sankandiona.

Pamenepo lamulo ndi lodziwika. Ponda buleki.

Injini sinatsike. Ndinaona tayala la mbali ya chigwembe likudumphadumpha pamwala, likulephera kugwira, galimoto yonse ikusendera chammbali. Ndinakweza chibakera mpaka phewa kuwawa. Ndinakuwa kuti, "Imani!" Koma kumbali, pafupi ndi windo la dalaivala, kunali mawu amene anaphimba anga, anaphimba ndi injini yomwe.

"Pondani, achimwene! Pondani moto! Akwera amenewo! Pondani!"

Ndipo anapondadi.

Galimoto inalumpha. Ndinaona mano a tayala akubwera pankhope panga, akuda, aakulu ngati zibakera. Ndinadziponya kumbali ya thanthwe, koma tayala lija linali lotulukira kunja kopanda madigadi, ndipo linandikola mkono wa jekete n'kundikhwekhwereza pamwala. Jekete inang'ambika, ndicho chinandipulumutsa. Ndinagwa chagada m'mphako ya thanthwe. Chipewa changa chinalowa pansi pa tayala.

Kenako kunamveka chitsulo chikukhuta mwala, galimoto inabwerera m'mbuyo chopendekeka, ndipo injini inazima.

Nditadzuka ndinaona mmene zinthu zinalili. Mphuno inali italoza kumwamba pasitepe paja. Tayala limodzi lakumbuyo linali m'mphepete penipeni pa chigwembe, timiyala tikugumuka pansi pake n'kumagwera pansi. Mkono wanga unali utasupuka kuyambira pachigongono mpaka padzanja, magazi akutsikira m'zala. Sunali kuwawa nthawi imeneyo. Chimene ndinkamva ndi ukali wokhawokha, woti ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaikankhira ndekha galimotoyo kuchigwembe.

Mkuzamawu anali ataima pakamwa pali yasa. Kwa nthawi yoyamba chibadwire analibe mawu.

"Maso!" amuna anga anakuwa m'galimoto. Mawu awo anali atasintha. "Maso, uli kuti?"

ATcheya ndi anyamata awiri akuluakulu a kukalabu anali atayamba kale kukoka chingwe kuchokera ku galimoto ina kuti amangirire yathu isapitirire. Mayi wina anabwera ndi nsalu kuti andimange mkono, koma ndinamukankha. Ndinayenda n'kukaima pamalo anga aja, patsogolo pa nyali ya mbali ya dalaivala.

"Ndili pompano," ndinayankha. "Pamene ndimaima masiku onse."

"Sindikukuona!"

"Ndikudziwa. Simunandione kuyambira kushopu."

"Mayi, si nthawi yake ino. Galimoto ikupita kuchigwembe!"

"Ndiye bwanji simunaime? Nkhope yanga itasowa, bwanji simunaponde buleki? Lamulo limenelo munandiphunzitsa ndinu!"

Kunkangomveka timiyala tija tikugwa.

"Wolondolera wanu ndani?" ndinafunsa. "Nenani mokweza anthu amve. Ngati ndi mng'ono wanu, ine ndikakhale pamthunzi."

"Ndiwe."

"Sindinamve."

"Ndiwe, Maso! Ndiwe!"

Ndinatembenukira kwa mlamu wanga. "Alamu, mwauona mtengo uwo? Pitani mukakhale pansi pake. Mukangotsokomola, ndikusiyirani mchimwene wanuyu mumutsitse nokha."

Anapita mwakachetechete, foni ili m'manja.

ATcheya atandigwedezera mutu kuti chingwe chagwira, ndinatulutsa msomali wanga. Ndinagwada pa tayala lomwe linandikhwekhwereza lija, pamano pake pali ulusi wa jekete yanga, n'kukanikiza valuvu. Mpweya unayamba kutuluka ndi mluzu.

"Ukutani?" amuna anga anafunsa.

"Chimene munandiletsa m'mawa. Gwirani buleki, musayankhule."

Matayala aakulu amasunga mpweya wambiri. Ndinagwada pamenepo nthawi yaitali, magazi akudontha pamphira, ndikuona chitayala chonyada chija chikuphwatalala m'mbali n'kuyamba kukumbatira mwala. Ndinapita kwa linzake lakutsogolo n'kuchita chimodzimodzi. Akumbuyo ndinawaphwetsa mosamala, ndikugwira chingwe ndi dzanja labwinoli. Zithunzi zimene anthu anajambula nthawi imeneyo n'zimene zinafala kukalabu, za matayala ogona ngati mabanzi aja.

Nditabwerera pamalo anga, mphuno inali itatsika pang'ono. Sikunali kutsika kwambiri, koma pamwamba pa boneti ndinaona chipumi, kenako maso awiri. Amuna anga anali atasolola khosi, chibwano chili pachiwongolero. Ndinakweza dzanja kuti ndiyambe kulondolera, ndipo maso aja anaona mkono.

"Mayi! Watani mkonowo?"

"Ndi tayala lanu lakutsogolo. Lomwe munaliyeza ndi tepi lija."

Ndinaona nkhope yawo ikugwa. Anali asakudziwa. Anandigunda, anandikhwekhwereza pamwala, ndipo m'galimoto muja sanamve kalikonse. Chimenecho chinandipweteka kuposa bala.

"Lizani injini," ndinatero. "Giya yoyamba. Phazi lisachoke pafupi ndi buleki."

Ndinaloza chala kuthanthwe, anakhota. Ndinakodola, anabwera. Matayala ofewa aja anagwira mwala osadumphanso, lakumbuyo linachoka m'mphepete, ndipo galimoto inakwera sitepe mwaulemu ngati nkhalamba. Nditakweza chibakera chamagazi chija, anaima nthawi yomweyo. Anthu anaomba m'manja. Ine sindinaone choombera.

Pamwamba pali bwalo lotembenukira. Mayi uja anandisambitsa bala ndi madzi a m'botolo n'kulimanga, ndipo apa m'pamene linayamba kuwawa zenizeni. Amuna anga anatsika, anapita kukatola chipewa changa chophwanyika, n'kubwera nacho atachigwira ndi manja awiri.

"Pepa," anatero chapansipansi. "Tiye kuchipatala. Lolemba ndikawabweza matayalawa."

"Madigadi mukawabwezanso?"

Anazungulira n'kunditsegulira chitseko. Ndinayang'ana chopondera chija chili m'mwamba, choti ndidzikoke ndi manja awiri kuti ndikwere, pamene dzanja limodzi lili m'nsalu. Anatambasula manja kuti andinyamule pamaso pa anthu onse aja, ngati thumba.

"Musandigwire," ndinatero. "Nditsika wapansi."

"Ndi kutali, mayi."

"Phirili ndikulidziwa. Ndaliyenda chambuyo zaka zonsezi ndikuyang'ana inu."

Ndinayamba kutsika ndi njira yodutsa kuseri kwa phiri, yopanda miyala yambiri, imene timabwererera. Posakhalitsa ndinamva injini kumbuyo kwanga. Sindinacheuke, koma ndinkaimva. Inkayandikira, kenako buleki n'kulira, n'kutsalira. Inkayandikiranso, buleki n'kuliranso. Pakona ina ndinaba diso. Mkuzamawu anali atakwera galimoto ya aTcheya, ndipo amuna anga anali okha, khosi lili tolotolo pamwamba pa chiwongolero.

Ananditsatira choncho mpaka m'munsi mwa phiri, ali patali ndithu, chifukwa akangoyandikira ndinkasowa kuseri kwa boneti. Ndipo ulendo uno, nthawi iliyonse ndikasowa, ankaima.